Mfuti ikalira yokha, tifunse ndani?

Mu August 2017 sitolo ina yogulitsa mfuti ku America, ya Omaha Outdoors, inaika pa intaneti kanema wamfupi amene anagwedeza kampani yaikulu. M'kanemamo munthu akutenga pistol ya SIG Sauer P320 n'kuigwetsa dala, kukamwa kwake kutaloza m'mwamba, kuti ikafikire pansi ndi kumbuyo itapendekeka pang'ono. Kungogunda pansi, phuu! yalira. Palibe chala chimene chakhudza trigger, kachitsulo kamene chala chimakoka kuti mfuti ilire. Atenga ina ya mtundu womwewo, chimodzimodzi.

Nkhaniyi inakula chifukwa P320 sinali mfuti wamba. Mu January chaka chomwecho gulu lankhondo la America linali litaisankha kuti ilowe m'malo mwa Beretta M9, imene asilikali awo ananyamula kuyambira 1985, pa mgwirizano wa ndalama zofika madola 580 miliyoni. Apolisi a m'mizinda yambiri anali ataigula kale, ndipo anthu wamba ankaithamangira poganiza kuti chimene asilikali avomereza sichingakhale ndi chilema. Masiku ochepa kanemayo asanatuluke, kampani inali itanena poyera kuti mfuti yake ikukwaniritsa miyezo yonse ya chitetezo ya dzikolo. Kanemayo atatuluka, sipanapite nthawi, inalengeza kuti aliyense wofuna atha kutumiza mfuti yake kuti akaisinthe zina ndi zina kwaulere.

Ine ntchito yanga ndi yoyeza zitsulo. Ndimagwira pa fakitale ina ku Gauteng kumene timapanga tizitsulo ta mapampu a madzi ndi makina ena, ndipo tsiku lonse ndimakhala ndi micrometer m'manja, kuona ngati zimene zatuluka m'makina zikugwirizana ndi zimene zajambulidwa papepala. Ndikavomereza, katundu amapita. Ndikakana, amabwerera. Ndiye ndikamawerenga za mfuti zatsopano zotuluka m'fakitale zili ndi zilema, maso anga sakhala pa mfuti pokha. Ndimaona munthu wina wonga ine amene anasainira kuti bokosi lipite, kapena amene anakana koma mawu ake sanamveke.

Pistol imalakwa m'njira ziwiri. Ina imakana kulira pamene mwini wake akufuna kuti ilire: chipolopolo chakana kukwera kuchokera m'magazini, kapena khoko lotsala lakodwa potulukira. Ina imalira pamene palibe waiuza. Yoyambayo imaika pangozi wapolisi kapena mlonda amene wakumana ndi achifwamba. Yachiwiriyo imaika pangozi aliyense amene ali pafupi, mwana amene akusewera m'chipinda china, mnzako amene wakhala naye m'galimoto, ngakhale ntchafu yako yomwe.

Vuto loyambalo ndinaliona ndi maso. Mnzanga wa kuntchito, amene ali ndi laisensi yake, anagula pistol yatsopano atasunga ndalama nthawi yaitali, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze kumalo ophunzirira kuwombera. Anatsegula bokosi ali mwee, mfuti ikununkhabe mafuta a kufakitale. Magazini oyamba asanathe, inaima. Khoko la mkuwa linali litapanikizika pakati pa slide, chitsulo cha pamwamba chija chimene chimathamangira kumbuyo mfuti ikalira, litaima chilili, kukamwa kwake kukufuka utsi. Analichotsa, anapitiriza, inaimanso. Anasintha zipolopolo n'kugula za mtengo wokwera, anapatsa mphunzitsi wa pamalopo kuti ayese ndi manja ake, poti nthawi zina vuto limakhala la wowombera amene sakulimbitsa mkono. Kwa mphunzitsiyo inaimanso. Titabwerera kwa wogulitsa, yankho linali lokonzeka kale: "Bwana, imeneyi sinazolowere. Iombereni kaye zipolopolo mazana angapo, ifewa yokha."

Mawu amenewa si a wogulitsa uja yekha, ali ponseponse m'malonda a mfuti. Alipo makampani amene amachita kulemba m'buku la malangizo. Kahr, mwachitsanzo, imene si kampani ya mfuti ya mnzanga ija, imauza ogula kuti awombe zipolopolo 200 asanayambe kuidalira mfuti yawo. Ndimamvetsa chimene chimachitika: zitsulo zatsopano zimakhala ndi timinga ting'onoting'ono m'mbali, ndipo zikakhulana kwa kanthawi zimasalala. Koma ntchito yosalaza chitsulo ndi ya fakitale. Akaisiyira wogula, ndiye kuti wogulayo akumaliza kupanga mfuti ndi zipolopolo zogula yekha, ndipo kufikira atamaliza wanyamula m'chiuno chinthu chimene sangachikhulupirire.

Amene akufuna kumvetsa m'mene mfuti yabwino papepala imasandukira yoipa m'bokosi ayang'ane Remington R51. Remington ndi dzina lakale kwambiri, la 1816. Kumayambiriro kwa 2014 inatulutsa pistol yaing'ono yoonda, yokongola ndithu, yotengera nzeru za John Pedersen amene anapanga Model 51 pafupifupi zaka 100 m'mbuyomo. Olemba nkhani za mfuti anaitanidwa kukayesa zoyambirira, ndipo anabwerako akuiyamikira. Anthu analembetsa mayina m'masitolo isanafike n'komwe. Itafika, kunali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Slide inkalimba moti ena ankalephera kuikoka. Zoyang'anira chandamale zinkagwedera. Zipolopolo zinkakana kulowa. Choopsa kuposa zonse, panamveka madandaulo akuti ina inkatha kulira slide isanatsekeke bwinobwino, khoko n'kutuluka litatupa. Pofika July chaka chomwecho Remington inaimitsa malonda, inapempha eni ake kuti abweze mfuti zawo, ndipo inalonjeza zatsopano mu October. Zatsopanozo zinatuluka mu 2016, zitapangidwira ku fakitale ina, ku Huntsville m'chigawo cha Alabama. Anthu ena anadikira zaka ziwiri mfuti imene anali atalipira kale.

Kampaniyo inafotokoza kuti zoyeserera zinkagwira bwino, koma zinthu zinasokonekera poyamba kupanga zambirimbiri. Ambiri anaona ngati n'kudzikhululukira chabe. Ine ndinakhulupirira, chifukwa ndi zimene ndimaona sabata ndi sabata, ndipo n'chifukwa chomwecho sindikuwakhululukira. Aliyense wa m'fakitale amadziwa kuti pamenepo ndi pamene pamagona ngozi.

Choyeserera chimapangidwa ndi mmisiri wamkulu, modekha, chimodzichimodzi. Kachitsulo kakalimba pang'ono amakapala ndi dzanja mpaka kalowe bwino, ndipo zimene dzanja lake lachita sizilembedwa papepala. Kupanga zikwizikwi ndi nkhani ina. Pepala limati kachitsulo aka kakhale mamilimita 10, koma kaloledwa kupitirira kapena kuperewera ndi 0.05. Kachiwiri kali ndi malire ake, kachitatu chimodzimodzi. Tsiku lina makina atulutsa koyamba kali kumalire a kumtunda, kachiwirinso kumtunda, bowo lolowamo lili kumalire a kumunsi. Ndikayeza kalikonse pakokha, kakhoza, ndipo ndilibe chifukwa chokakanira. Mukatilumikiza, sitikuyenda. Ngati wojambula sanawerengere kuti malire onsewa atha kukumana tsiku limodzi m'mfuti imodzi, palibe micrometer imene ingagwire vutolo. Limagwidwa ndi munthu amene watenga mfuti zomalizidwa, zosasankha, kuchokera pamzere weniweni, n'kuziwomba mpaka zitatentha.

Ndiye pali zina zimene zimasintha mwakachetechete. Mpeni wa makina odula zitsulo umatha pang'onopang'ono, moti kachitsulo ka m'mawa ndi ka usiku sitifanana. Ng'anjo yolimbitsira zitsulo ikapitirira kutentha, chitsulo chimauma n'kumathetheka; ikaperewera, chimafewa n'kumadyeka msanga. Kunja zonse zimaoneka chimodzimodzi. Tizitsulo tambiri ta m'kati mwa pistol za masiku ano sitidulidwa n'komwe. Timapangidwa ndi njira ya MIM: ufa wa chitsulo wosakaniza ndi zomatira umathiridwa m'chikombole, kenako n'kuwotchedwa, ndipo powotcha umafota kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi. Okonda mfuti ambiri amainyoza njirayi, koma ine sindiinyoza. Ikayang'aniridwa bwino imatulutsa zinthu zolimba, zofanana, zotsika mtengo. Ikapanda kuyang'aniridwa, m'kati mwa kachitsulo mumatsala timphako tosaoneka, ndipo kamathyoka tsiku limene palibe akuyembekezera. Nthawi zambiri tizitsuloti timachokera kwa kampani ina, mwinanso dziko lina, ndipo wopanga mfuti amangoyeza tochepa pa bokosi lililonse.

Zonsezi zimatheka kuzigwira, koma zimafuna nthawi, ndipo nthawi ndi imene amalonda safuna kupereka. Chaka chilichonse mu January ku Las Vegas kumachitika chionetsero chachikulu cha mfuti, SHOT Show, ndipo kampani iliyonse imafuna kukaonetsako chatsopano. Tsikulo limaikidwa ndi a zamalonda, osati amisiri. Komanso msika wa ku America umakwera mwadzidzidzi anthu akachita mantha ndi zisankho kapena zipolowe. Mu 2020 mokha munagulidwa mfuti zoposa 20 miliyoni. Nthawi ngati imeneyo mafakitale amalemba anthu atsopano, amawonjezera mashifiti, ndipo woyeza amasanduka mdani wa aliyense. Ndikudziwa m'mene zimakhalira. Ndinaikapo chikwangwani chofiira pa mulu wa katundu Lachisanu masana, lole ili panja injini ikulira, akuluakulu atandizungulira. Mmodzi anandiuza mofatsa ndithu: "Achimwene, tumizani. Zikabwerera tidzaona." Kwa ife chobwerera ndi pampu yodontha, kasitomala wokwiya ndi ndalama zotayika. Kwa opanga mfuti, chidziwitso choti china chake chalakwika nthawi zina chimachokera kuchipatala.

Wina asaganize kuti ndi makampani awiri okha. Ruger inaitanitsa SR9 kuti zibwerere kukakonzedwa mu 2008, patangopita miyezi ingapo itatuluka, chifukwa inkatha kulira ikagwa. Glock, imene ambiri amailumbirira, inasintha masipuling'i a mfuti zake za mtundu wa Gen4 mu 2011. Mu August 2013 Springfield inaitanitsa XD-S chifukwa ina inkatha kulira poikoka slide kapena kulira kawiri pokoka trigger kamodzi, ndipo mwezi womwewo Smith & Wesson inachenjeza za M&P Shield. Walther inaitanitsa CCP mu 2017. P365 ya SIG, imene inatuluka mu 2018 n'kugulidwa kwambiri, inayamba ndi madandaulo a striker yothyoka, kachitsulo kamene kamagunda chipolopolo kuti chiphulike. Kuno ku South Africa nakonso tinali nayo yathu: Vektor CP1 ya kampani ya boma ya Denel, yooneka ngati ya m'tsogolo, imene inaitanitsidwa mu 2000 chifukwa inkatha kulira ikagwa, ndipo posakhalitsa inasiya kupangidwa. Mukaona zaka zimene mfutizi zinatuluka ndi zaka zimene zinaitanitsidwa, mupeza kuti zambiri zinagwidwa m'chaka choyamba kapena chachiwiri. N'chifukwa chake akale pa nkhani za mfuti amalangizana kuti mtundu watsopano usamaugule chaka choyamba. Malangizowo ndi abwino, koma amandimvetsa chisoni, chifukwa tanthauzo lake n'lakuti udikire anzako ayambe avulala.

Chilema pachokha sindichiona ngati manyazi aakulu. Palibe fakitale imene sinalakwepo. Chimene ndimayang'ana ndi zimene kampani imachita ikadziwa. Mu June 2017 Ruger inapeza kuti Mark IV itha kulira ngati kachitsulo kotsekera mfuti kuti isalire kasiyidwa pakatikati. Inauza anthu mosabisa kuti asiye kuigwiritsa ntchito, aitumize, ndipo inalipira zonse. Patangopita miyezi iwiri SIG inakumana ndi vuto lake la P320, koma sinauze eni ake kuti aziike pansi mfutizo. Inati ndi kukonza kongofuna mwini, ndipo inapitiriza kunena kuti mfutiyo ndi yotetezeka. Munthu wotanganidwa akamva kuti kusintha n'kongofuna, amati ndidzatumiza mwezi wamawa. Ena sanamve n'komwe.

Chinkachitika n'chiyani m'kati mwa P320? Trigger yake inali chitsulo cholemerako. Mfuti ikagwa chakumbuyo n'kuima mwadzidzidzi pa simenti, trigger sinkaima nayo. Kulemera kwake kunkaipititsabe kumbuyo, mbali yomweyo imene chala chimaikokera. Mfuti zina zambiri za mtunduwu, monga Glock, zili ndi kalilime kakang'ono pakati pa trigger kamene kamaigwira kuti isasunthe pokhapokha chala chitakadina. P320 wamba inalibe. Pokonza, kampani inaika trigger yopepuka, inapepukitsanso tizitsulo tina ta m'kati, n'kuwonjezera kachitsulo kena kotetezera. Ndipo lipoti la ofesi yoyesa zida ku Pentagon, likulu la asilikali a America, limene linatuluka kumayambiriro kwa 2018, linaonetsa kuti asilikali anali atapeza kale vuto la kugwali poyesa, ndipo kampani inali itakonza mfuti zawo. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Chidziwitso chinalipo, mankhwala analipo, koma mfuti za m'masitolo zinapitiriza kugulitsidwa mpaka anthu a m'sitolo atagwetsa yawo pamaso pa kamera.

Kampani sinaname pamene inati mfuti yake inakhoza mayeso. Inakhozadi. Miyezo ya bungwe la SAAMI, limene makampani a mfuti a ku America anakhazikitsa okha mu 1926, imafuna kuti mfuti igwetsedwe mbali zingapo zodziwika: kukamwa pansi, kukamwa m'mwamba, chammbali, chagada ndi zina zotero, zonse molunjika. Kupendekeka kuja kumene P320 inkalira nako sikunali pamndandanda. Mayeso amayankha funso limene mwafunsa basi. Koma mfuti ikapulumuka m'manja mwa munthu amene akutsika galimoto sisankha mbali yogwera. Woyeza wabwino akamaliza za papepala amayamba kufunsa zimene pepala laiwala, ndipo kampani yabwino imamupatsa mfuti khumi kuti aziwononge pofunafuna. Kumeneko ndi ndalama, ndipo palibe lamulo la dziko lonse la America limene limakakamiza aliyense kuziwononga.

Ichi ndi chimene anthu ambiri akunja sadziwa. Ku America kuli bungwe la boma loteteza ogula, Consumer Product Safety Commission, lokhazikitsidwa mu 1972. Lili ndi mphamvu yochotsa pamsika kama wa mwana, chitsulo chositira, ngakhale mfuti ya chidole. Mfuti yeniyeni ayi. Lamulo loyambalo silinaiphatikize, ndipo mu 1976 nyumba ya malamulo inachita kutsindika kuti bungweli lisakhudze mfuti kapena zipolopolo. Amene anamenyera zimenezi ankaopa kuti boma lidzagwiritsa ntchito dzina la chitetezo polanda anthu mfuti, ndipo mantha amenewo ali ndi mizu yake m'ndale za dzikolo. Koma zotsatira zake n'zakuti galimoto ikapezeka ndi chilema boma litha kulamula kuti ibwerere, pamene mfuti imabwerera pokhapokha woipanga atafuna. Amene akulangidwa ndi dongosolo limeneli ndi eni mfuti omwewo amene ankati akuwateteza.

Zigawo zochepa zinaika malamulo awoawo. Ku California kuyambira 2001 mtundu watsopano wa mfuti ya m'manja usanaloledwe m'masitolo, amatenga zitatu, iliyonse iwombe zipolopolo 600 osakodwa kopitirira kasanu ndi kamodzi, kenako n'kuzigwetsa pa simenti kuchokera pa mita imodzi. Ku Ulaya kuli njira yakale kwambiri. Mayiko a m'bungwe la CIP, loona za kuyesa mfuti, amafuna kuti mfuti iliyonse, osati yachitsanzo chabe, iwombedwe ndi zipolopolo zamphamvu kuposa zanthawi zonse isanagulitsidwe, kenako idindidwe chizindikiro pachitsulo. Nyumba yoyesera ya ku Birmingham yakhala ikuchita zimenezi kuyambira 1813. Mayeso amenewo amaona ngati mfuti singaphulike m'manja. Saona za kukodwa kapena kugwa. Komabe mfundo yake ndimailemekeza: woyeza sadya malipiro a wopanga, ndipo bwana wa fakitale sangamuuze kuti lole ikudikira.

Kumene kulibe woyeza wotero, chotsala ndi khoti, ndipo khoti limabwera magazi atakhetsedwa kale. Taurus ya ku Brazil ndi chitsanzo. Wapolisi wina wa ku Iowa anaisumira atanena kuti pistol yake inagwa akuthamangitsa munthu mu 2013 n'kulira yokha ili yotseka. Mlanduwo unakula n'kukhala wa gulu, ndipo mu 2015 kampani inavomera kukonza, kusintha kapena kugula mfuti pafupifupi miliyoni imodzi za mitundu isanu ndi inayi, ina yopangidwa kuyambira 1997. Sinavomere kuti inali ndi chilema. Taganizani, zaka zoposa khumi ndi zisanu mfutizo zili m'malamba a anthu, ndipo ku Brazil komweko apolisi a ku São Paulo anali atadandaula kale za mtundu wa 24/7.

Nkhani ya P320 sinathere pa kugwa. M'zaka zotsatira anthu anayamba kunena kuti ngakhale zokonzedwa zimalira zili m'holster, kachikwama konyamuliramo mfuti m'chiuno, dzanja lili kutali. Mu April 2023 nyuzipepala ya Washington Post pamodzi ndi The Trace, tsamba la nkhani zokhudza mfuti, inalemba kuti anthu oposa 100 anena zotero, ndipo osachepera 80 anavulala. Apolisi a ku Milwaukee anaisiya mu 2022 anzawo atavulala. Mu 2024 khoti la ku Georgia linagamula kuti munthu wina apatsidwe madola 2.35 miliyoni, ndipo la ku Philadelphia linagamula madola 11 miliyoni kwa wina. SIG imakana kwamtuwagalu. Imati P320 singalire trigger isanakokedwe, ndipo pa milandu imeneyi chala, lamba, kiyi kapena holster yosayenera ndi zimene zinakoka. Milandu ina inathetsedwa mokomera kampani.

Pamenepa ndiyenera kuchita chilungamo, chifukwa ntchito yanga inandiphunzitsa kuti si dandaulo lililonse limene ndi chilema. Munthu amene mfuti yamulirira m'manja ali ndi chifukwa chachikulu chonenera kuti yalira yokha, makamaka ngati ntchito yake kapena ufulu wake uli pachiswe. Mu July 2025 msilikali wa ndege anafa kumalo a asilikali a F.E. Warren m'chigawo cha Wyoming, ndipo poyamba kunamveka kuti M18, imene ndi P320 ya asilikali, yalira yokha. Akuluakulu a gawo limenelo anaimitsa mfutizo, anayendera pafupifupi 8,000, ndipo dziko lonse linali litaweruza kale. Patapita masabata, msilikali mnzake anamangidwa pa mlandu wakupha mosafuna ndi kunama, ndipo nkhani yoti inalira yokha inagwa. Amene amadana ndi kampaniyi anachita manyazi, ndipo n'koyenera.

Koma bodza limodzi silifafaniza makanema a apolisi amene akuoneka manja ali kwina mfuti ikulira m'chiuno. Ndipo ngakhale titavomera kuti nthawi zonse pali chinachake chimene chinakhudza trigger, funso la mmisiri limatsalabe. Striker ya P320 imakhala yokokedwa kale pafupifupi yonse, trigger yake ndi yaifupi, ndipo zambiri zogulitsidwa kwa apolisi ndi anthu wamba zilibe chotsekera chakunja kapena kalilime kaja. Chida chimene chimanyamulidwa maola khumi ndi awiri patsiku ndi munthu wotopa, wothamanga, wolimbana ndi chidakwa, chimayenera kusiya mpata woti chingwe cha jekete chikalowa pamalo olakwika munthu asafe. Kodi mpata umenewo ndi wokwanira? Funso ngati limeneli likanayenera kuyankhidwa ndi bungwe losakondera, lokhala ndi mphamvu yotenga mfuti zonse zokhudzidwa, kuzitsegula, kuyeza kachitsulo kalikonse ndi kufalitsa zimene lapeza, monga amachitira ndege ikagwa. M'malo mwake likuyankhidwa ndi maloya a mbali ziwiri, akatswiri olipidwa ndi mbali ziwirizo, ndi anthu a pa YouTube amene amapeza ndalama nkhani ikatentha. Mu May 2025 chigawo cha New Hampshire, kumene kuli likulu la SIG ku America, chinakhazikitsa lamulo loletsa kusumira wopanga mfuti chifukwa choti sanaike zotetezera zina monga chotsekera chakunja. Khomo limodzi lija limene linatsala analitsekako theka.

Wina atha kufunsa kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife a ku Lilongwe, Chipata kapena Tete. Mfuti za m'manja zimene apolisi ndi asilikali athu amanyamula ndi zochokera kunja, ndipo kuno ku Joni timakwera minibasi ndi kuima pamizere ya kubanki pafupi ndi alonda onyamula pistol tsiku lililonse. Mfuti imakhala zaka makumi ambiri, imagulitsidwa, imaperekedwa ngati thandizo, imasiyidwa ngati chuma cha masiye. Kalata yoitanitsa imapita kwa wogula woyamba, ngati analembetsa adiresi yake, ndipo simutsatira wachiwiri kapena wachitatu. Kutumiza mfuti kudutsa malire kuti ikakonzedwe kumafuna zilolezo za mayiko awiri, moti ambiri amangoisiya momwemo. Ndiye chilema chimene ku New Hampshire kapena ku Brazil anachikonza kalekale chitha kukhalabe m'kabati ya polisi kapena ya kampani ya alonda kwathu kuno, popanda wodziwa.

Makampani ambiri amene ndatchulawa ali ndi masamba pa intaneti pamene munthu amalemba nambala ya mfuti n'kuona ngati ili m'gulu loitanitsidwa. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo wosunga zida aliyense ayenera kuichita pa mfuti iliyonse imene ili m'buku lake. Amene amagulira boma kapena kampani asakhutire ndi chitsanzo chimene wogulitsa wabwera nacho m'chikwama chokongola. Atenge zawo m'mabokosi amene afikadi, mosasankha, aziwombe ndi zipolopolo zimene anyamata awo adzagwiritsedi ntchito, azigwetse mbali zonse zili ndi makoko opanda chipolopolo, ndipo alembe mu mgwirizano kuti chilema chikadzapezeka wogulitsa adzabwera kudzakonzera konkuno ndi ndalama zake. Mnzanga uja anakana kuwononga ndalama zina pa zipolopolo zofewetsera. Anaumirira kuti mfuti ibwerere, ndipo mmisiri wa wogulitsa ataitsegula anapeza kuti kambedza kokokera khoko kanatuluka m'fakitale kali kopindika. Anakasintha, ndipo siinakodwenso.